Ntchito Imene Alamu Anandipezera ku Inhassoro

Anthu akandifunsa chifukwa chake ndinabwerako msanga ku Inhassoro, ndimayankha kuti mphepo ya kunyanja sinandiyanje. Si bodza lenileni, koma si zoona zonse. Zoona zake ndi izi, ndipo ndikupemphani kuti museke mwaulemu, poti mwini nkhani ndikadali moyo ndipo mtima wanga ndi wapachala.

Ine ndinakulira m'mbali mwa mtsinje wa Revubué, asanatisamutsire ku Cateme kuti pansi pathu pakumbidwe malasha. Shikola ndinaisiyira mu kinta, kalasi yachisanu, nditakangana ndi purofesolo (anandikwapula chifukwa cha phokoso la mnzanga, ine n'kumulanda mkwapulowo). Za m'mabuku sindinena zambiri, koma za mumtsinje ndinkazidziwa. Pende, mlamba, mcheni wa mano ngati macheka, zonsezo zinadutsa m'manja mwanga. Malemu atate anandiphunzitsa lamulo limodzi lokha la usodzi: nsomba ikatulutsa mutu m'madzi, imenye isanasinthe maganizo.

Malasha atayamba kuyenda ndinapeza ntchito yotsuka makamiyawo, magalimoto akuluakulu onyamula katundu, pa garaji ina ku Moatize. Ndili watsopano, makaniko wamkulu anandipatsa chitini n'kunena kuti, "Thamanga kwa anzathu uko ukapemphe mafuta a buzina, ya galimoto iyi yasasa mawu." Ndinathamanga. Kumeneko anandiuza kuti awathera, ndipite kutsogolo. Kutsogoloko anati amene ali nawo ndi a buzina za mabasi okha. Ndinazungulira Moatize yense dzuwa lili paliwombo (amene mumalidziwa dzuwa la ku Tete mundimvere chisoni) mpaka mayi wina wogulitsa maheu anandiuza kuti buzina (ena amati hutala) siimwa mafuta. Pobwerera ndinapeza garaji yonse ikugubuduka ndi phwete. Chitini chija chinakatera pamphumi pa makaniko, ntchito n'kuthera pomwepo. Tsiku limenelo ndinalumbira kuti palibenso munthu adzandipusitse chifukwa choti ndine watsopano.

Tsono alamu anga a Domingo, amuna a achemwali anga aakulu, ndi a ku Zóbuè. Anabadwira ku Malawi makolo awo atathawa nkhondo, n'kudzakulira m'mapiri akulima mbatatesi ndi kabichi. Nsomba yoyamba imene anaiona m'moyo mwawo inali youma, ili pamulu pamsika. Koma mwayi suona nkhope. Anapita kunyanja yamchere ngati woyendetsa galimoto, ndipo kumeneko anasanduka wothandiza pa boti lonyamula alendo okawedza. Alendowo amachokera ku Maputo, ku Joni ndi kutali kwina, amalipira boti, kapitawo ndi anthu ake, kuti awaperekeze kumene kuli nsomba zikuluzikulu.

Tsiku lina anandiimbira telefoni.

"Mlamu, pano pakufunika munthu wachitatu pa boti. Ndawauza a patarawo, eni maboti, kuti ndili ndi mlamu wodziwa nsomba, wofatsa."

"Wofatsa?"

"Ndanena kale, sindingabweze. Dzina langa ndaliika pamutu pako. Ukachita bwino ulendo woyamba, ntchito ndi yako. Ukaononga, tonse awiri tidzakwera shapa imodzi yobwerera ku Tete, ndipo achemwali ako ali kunowa udzawafotokozera wekha."

Ndinawauza kuti asade nkhawa. Nsomba ndi nsomba, madzi ndi madzi.

Nditafika ndinapeza kuti madzi si madzi. A kumeneko alibe tsidya. Patali pamaoneka zilumba zamchenga zotchinga mafunde, ndiye pakati pa zilumbazo ndi mtunda nyanja imakhala phee ngati madzi a m'beseni. Madzulo ake alamu ananditengera ku boti kukandionetsa zida: ndodo zowedzera zokhala ndi tigudumu tokulungira chingwe, mbedza zazikulu ngati chala chopindika, bokosi la jelo (madzi oundana) losungiramo nsomba, ndi chibonga chachifupi chosalala bwino. Chibongacho ndinachikonda nditangochiona. Kapitawo, bambo wa konko wosayankhulayankhula, anali kumbuyo akukonza motolo.

"Tamvera tsono," anatero alamu. "Nsomba zodya, monga sera, timazimenya ndi ichi n'kuziika mu jelo. Koma zina timabweza. Makamaka ilipo ina ya mlomo wautali ngati mkondo, ya thanga pamsana, timaitcha vela. Imeneyo mlendo akaikoka, ine ndimaigwira pambali pa boti, aijambule, ndiichotse mbedza, kenaka tiibweze."

"Tiibweze kuti?"

"M'madzi."

"Yamoyo?"

"Yamoyo."

"Alamu, munthu achoke ku Maputo, alipire boti, alipire mafuta, apse ndi dzuwa tsiku lonse, kuti adzangoipatsa moni nsomba n'kutsanzikana nayo?"

"Eya, basi."

Anatembenuka n'kumuuza kapitawo m'chiyankhulo cha konko zimene ndinafunsazo. Kapitawo anamwetulira pang'ono osadzutsa mutu. Kumwetulira kumeneko ndinakuzindikira. Ndinakuonapo pa garaji. Mumtima ndinati, ehe, mafuta a buzina afika mpaka kunyanja. Akufuna mawa nditaye nsomba ya mlendo m'madzi kuti gombe lonse lidzandiseke. Pakamwa ndinangoti, "Ndamva, alamu." (Munthu wa mbatatesi kundiphunzitsa ine za nsomba!)

Anandichenjezanso kuti m'mawa ndisadye kwambiri. Chimenechonso ndinachiika m'gulu lomwelo. Ndani amapita kuntchito yamphamvu ndi mimba yopanda kanthu? Ndinadzuka n'kumaliza mpunga ndi nyemba zotsala zimene achemwali anaphika dzulo, n'kutsendera ndi tiyi ndi buledi.

Alendo athu anali awiri: Sinyolo wina wokalamba wa ku Maputo, wa tsitsi loyera mbuu, ndi mwana wake wamkazi amene telefoni sinkachoka m'manja mwake. Alamu anandinong'oneza kuti mkuluyu wakhala akubwera chaka ndi chaka kudzafuna vela osaipeza, ndipo madotolo amuuza kuti mtima wake watopa, ulendo uno ukhale womaliza. Anatipatsa moni wa m'manja tonse, ine ndemwe, ngati ndife anthu aakulu. Ndinamukonda mkulu ameneyo, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti lero sabwerera chimanjamanja.

M'kati mwa zilumba zija ndinayenda choimirira osagwira kanthu, manja m'chiuno, kuti kapitawo aone kuti ndine mwana wa m'madzi. Titangodutsa zilumbazo nyanja inavula malaya. Boti linkakwera phiri n'kutsika chigwa, kukwera, kutsika, ndipo nyemba zija zinayamba kufunsa njira yotulukira. Ndinalimba mtima. Ndinathandiza alamu kumanga nyambo (nyambo yakeyo ndi nsomba yoti ku Cateme banja lonse lingadyere masana ndi madzulo, koma ndinangomeza malovu), ndipo tinaponya zingwe kumbuyo boti likuyenda pang'onopang'ono.

Posachedwa mtsikana uja anakoka sera, yaitali ngati mwendo wanga. Alamu anaikweza, anatenga chibonga chija, pha! pamutu, n'kuiponya mu jelo. Ndinaseka chamumtima. Si izi? Kubweza kuja kwapita kuti? Ndinawayang'ana alamu ndi diso loti ndakugwirani, iwo n'kuganiza kuti ndikuwayamikira.

Kenaka nyemba zinapambana. Sindifotokoza zambiri poti ena mukuwerenga muli pa chakudya. Ndingonena kuti nsomba za ku Inhassoro zinalawa nyemba za achemwali anga, ndipo ine ndinagona chafufumimba pansi pa boti, thumba lili kumutu, ndikupempha Mulungu kuti ngati akunditenga anditenge msanga. Ndili chigonere choncho ndinamva phokoso, kagudumu kakulira, anthu akukuwa. Patapita nthawi ndinamva alamu akuti, "Yapita!" Nditadzutsa mutu ndinangoona mchira waukulu wa nsomba ina, osati vela, ukuzimirira pansi pa madzi, alamu atawerama m'mphepete mwa boti manja ali pululu. Alendo anaomba m'manja.

Ndinawamvera chisoni alamu anga. Ndinati, taonani, nsomba yawapulumuka m'manja alendo akuona. Ndipo taonani anthu ophunzira mmene amabisira mkwiyo, mpaka kuomba m'manja! Koma ndinadziwa kuti ikadzapulumukanso yachiwiri, ulemu umenewu utha, ndipo dzina la alamu lithera pomwepo. Munthu anandiitana kuchokera ku Tete chifukwa ndimadziwa nsomba, ine n'kumagona ngati thumba la makala. Manyazi anandidzutsa.

Dzuwa litapendeka, ndodo ya Sinyolo inapindika mpaka nsonga kutsala pang'ono kukhudza madzi. Kagudumu kanalira ngati mbuzi yogwidwa ndi fisi. Patali kumbuyo kwathu chinthu chinatumpha m'madzi, chachitali kuposa munthu, chobiriwira ngati thambo la mvula, thanga lake lili tambasu, n'kuyenda ndi mchira pamwamba pa nyanja. Abale, m'moyo mwanga sindinaonepo chinthu chokongola chotero. Nseru inathawa yokha.

"Vela!" anakuwa kapitawo, mawu ake oyamba tsiku limenelo.

"Mlamu, kulunga zingwe zinazo, msanga!" anatero alamu.

Ndinakulunga. Ndinachotsa ndodo zonse panjira, ndinamumanga lamba Sinyolo m'chiuno, ndinkamuthira madzi kumutu akatopa, ndinkamugwira kumsana boti likapendama. Kapitawo anandiyang'ana n'kugwedeza mutu movomereza. Alamu anandikodola ndi chigongono. Ntchito ija inali m'thumba mwanga, ndikukuuzani, inali italowa kale, kungotsala kumanga batani.

Mkulu uja analimbana nayo nsombayo mpaka malaya ake ananyowa ngati wagwera m'madzi. Mwana wake ankangoti, "Papa, pumulani," iye osamva. Potsiriza inatopa, inabwera chammbali mpaka kukhudza boti. Alamu anakulunga nsalu m'manja, anawerama, anaigwira mlomo wautali uja. Sinyolo anagwada n'kutambasula thanga lija ndi zala zake, misozi ikutsika, mwana wake akujambula. Ine ndinali kudikira kuti tiikweze.

Ndiye ndinaona alamu akuchotsa mbedza.

Kapitawo anayendetsa boti pang'onopang'ono, alamu ataigwirabe nsombayo m'madzi. (Pambuyo pake ndinamva kuti amatero kuti madzi azilowa m'kamwa mwake ipezenso mphamvu. Panthawiyo ndinkangoona anthu akucheza ndi ngozi.) Mchira unayamba kugwedezeka. Ndinayang'ana: mbedza palibe, chingwe palibe, chimene chatsala pakati pa nsomba ya Sinyolo ndi nyanja yonse ndi manja a ku Zóbuè. Ndipo zala za manjawo zinayamba kumasuka, chimodzichimodzi.

"Gwiritsani, alamu, ndabwera!"

Chibonga ndinachipeza osachiyang'ana. Atate akanandiona akananyadira. Choyamba chinatera pakati penipeni pa mutu. Chachiwiri chinatera pomwepo, kungoti chala chachikulu cha alamu chinali chitafika kale pamalopo kudzaletsa. Anthu onse anakuwa, koma pa usodzi anthu amakuwa, ndiye sindinalabadire. Nsomba inanjenjemera n'kuuma. Ndinaikumbatira, ndinakoka ndi mphamvu zonse za msana wanga, mpaka theka lake linagwera m'boti. Ndinaimirira ndikupuma wefuwefu, mano onse ali pamtunda, kudikira kuomba m'manja.

Kunali zii. Motolo wokha. Telefoni ya mtsikana uja inali ikadandiloza, koma iye anali atagwira pakamwa. Kubiriwira kuja kunayamba kuchoka pa nsombayo ife tikuona, ikusanduka yotuwa ngati lata lakale.

"Mlamu," anatero alamu, chala chili m'khwapa, "wachita chiyani?"

"Ndakupulumutsani."

"Ndinakuuza chiyani dzulo?"

"Zija zobwezazi? Aaa, alamu, zimenezo muzikawauza ana. Ine ndinapusitsidwa kamodzi, sindipusanso."

Ndinatembenukira kwa kapitawo kuti tiseke limodzi. Kapitawo sanali kumwetulira. Anavula chipewa n'kuyang'ana kutali. Apo m'pamene choonadi chinayamba kukwera kuchokera m'mimba, pang'onopang'ono, njira yomwe ija inadzera nseru.

Munthu wanzeru akanapepesa pomwepo. Ine manyazi akandigwira amasanduka moto. Ndinayamba kulalikira m'Chipwitikizi changa cha mu kinta, posoweka mawu ndikuthiramo Chinyanja. Ndinati kwathu ku Cateme anthu akudyera masamba ouma, mtsinje anatilanda, inu kuno mukuseweretsa ndiwo! Ndinati nsombayi mwaiboola kamwa, mwaikoka mpaka yatha mpweya, ndiye mukufuna ikafike kwawo ikanene kuti zikomo? Ndinati ngati ndi chifundo, bwanji osangoisiya kumene inali? Alamu ankandikoka malaya, "Khala chete, iwe, khala chete," koma ine ndinali nditakwera kale pa bokosi la jelo. Ndinakweza chala kuti ndinene mfundo yomaliza, yaikulu kuposa zonse. Funde linabwera. Mfundoyo inatuluka, koma sinali ya mawu, ndipo inatera pa nsapato za Sinyolo.

Mkuluyo sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zinandipepukira. Anakhala pansi pambali pa nsombayo, ananyowetsa kansalu n'kuiphimba diso, n'kumaisisita pamsana. Patapita nthawi anayankhula motsitsa, osandiyang'ana, Chipwitikizi chosavuta choti ngakhale ine ndinamva.

"Mwana wanga, ine ndiye ndikupita. Ndinkafuna kuti iyi itsale."

Ndamenyedwapo ndi apolisi, ndamenyedwapo ndi makaniko ndi abale ake, koma palibe chinandipweteka ngati mawu amenewo. Ndinatenga chidebe n'kutsuka nsapato zake ali chivalire.

Kumeneko boti likabweza vela yamoyo limakweza kambendera pobwera, kuti a pagombe aone. Lathu linabwera lopanda mbendera, koma ndi mchira utatulukira kunja, woonekera kutali kuposa mbendera iliyonse. Pofika tinapeza ana, amayi ogula nsomba, anthu a maboti ena, ndi a patarawo ataima manja kumbuyo. Ine ndi alamu tinainyamula nsombayo pamapewa kudutsa pakati pa anthu onsewo ngati tanyamula maliro, ndipo kunena zoona anali maliro.

A patarawo sanandiyang'ane n'komwe. Analunjika kwa alamu. Anafunsa ngati uyu ndiye wofatsa uja. Anafunsa ngati alamu akudziwa kuti mbiri yotere ikamveka, alendo a mtundu umenewu sabweranso. Alamu anangoima chipewa chili m'manja, chala chitatupa ngati chinangwa, osadziteteza ngakhale ndi liwu limodzi. Nditaona kuti shapa ija ya anthu awiri yayandikira, ndinachita chinthu chimene sindinachitepo kwa purofesolo kapena kwa makaniko. Ndinagwada pamchenga.

"Patarawo, awa anandiuza zonse dzulo. Ine ndiye sindinakhulupirire. Ndinkayesa akundipusitsa poti ndine watsopano. Thamangitsani ine."

Sinyolo nayenso anaikapo mawu. Anati munthu amene anaigwira nsombayo anachita zonse bwino mpaka kupereka chala chake, ndipo akamva kuti wachotsedwa ntchito adzadandaula kuposa mmene wadandaulira ndi nsombayo. A patarawo anapuma mozama. Alamu anatsala, ngakhale anawatsitsa pa boti kwa kanthawi kuti azipala ndere pansi pa maboti. Za ine panalibe chokambirana.

Nsombayo inagawidwa kwa anthu a pagombe, poti yafa yafa. Alamu anabweretsa nthuli yake kunyumba. Achemwali anaiphika osandiyankhula, anaika mbale patsogolo panga osandiyankhula. Ndinati sindidya, mtima sukundilola. Ndinakhala choncho kwa kanthawi ndithu. (Inali yokoma. Mulungu andikhululukire, inali yokoma kwambiri.)

M'mawa alamu anandiperekeza kokwerera shapa. Ndinayamba kupepesa, koma sanandilole kumaliza. Iwo anandigwira paphewa ndi dzanja labwinolo.

"Mlamu, dzanja lako ndi la msodzi, ndaliona ndipo ndalimva. Makutu ndiwo unawaiwala ku Revubué. Ukawapeza undiimbire."

Nditafika ku Cateme ndinapeza amayi akusenda nandolo pakhonde. Anandiyang'ana, anayang'ana kachikwama kanga, n'kupitiriza kusenda.

"Wamenyanso ndani?"

"Nsomba, amayi."

Ndinawafotokozera zonse mwadongosolo, kuyambira pa chibonga mpaka pa mchenga. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anaika lichero pansi.

"Mwana wanga, ukafuna kunama uzinama zomveka. Munthu agwire nsomba yaitali kuposa iwe, n'kuibwezera m'madzi?"

"Amatero, amayi! Ndi lamulo lawo!"

"Ndiye akuchotsa ntchito ya usodzi chifukwa wapha nsomba?"

"Eya!"

Anaitana aneba kuti adzamve. Anabwera amuna amene ndinkawedza nawo ku Revubué, anthu odziwa madzi, ndipo anaseka mpaka kugwira nthiti. Ndinalumbira, ndinatchula manda a atate, ndinakalipa mpaka mitsempha ya m'khosi kuima, koma ndikamakalipa m'pamene ankatsimikiza kuti ndinamenya munthu. Mpaka lero amayi amakhulupirira kuti ndinamenya a patarawo, ndipo kutchalitchi amandipempherera pa tchimo limenelo.

Ndaphunzirapo kuti si aliyense womwetulira amene akukupusitsa, ndipo munthu akandiuza zachilendo masiku ano ndimayamba ndafunsa kawiri. Koma ndisakunamizeni. Ndikakumbukira mchira uja ukuyamba kugwedezeka, zala za alamu zikumasuka, dzanja langali limayabwabe.